Munthu Wamkulu Akafuna Kuyamba Kuthamanga

Mwezi uno tafuna kukamba nanu nkhani imene ena adzaiyesa yachibwana, ndiyo ya munthu wamkulu, wa banja lake ndi ana ake, amene ayamba kuthamanga popanda chomuthamangitsa. Tidziwa bwino kuti kwathu kuno liwiro ndi la ana ndi la anyamata a mpira. Bambo wa ndevu zake akaoneka ali kuthamanga pamsewu, anthu amatuluka m'nyumba nayang'ana kumbuyo kwake, kuti aone ngati kuli galu wachiwewe kapena mwini ngongole. Ndipo mayi akathamanga, onse ayesa kuti mwana wagwera pamoto. Ulemu wa munthu wamkulu tiuonera pa mayendedwe ake odekha, ndipo ife sitinena kuti mwambo umenewu ndi woipa.

Koma masiku ano achipatala ali kuuza anthu ambiri a zaka 40 ndi 50 kuti magazi awo athamanga, ndipo powapatsa mankhwala awalangizanso kuchepetsa mchere ndi kulimbitsa thupi. Kafukufuku amene anachitika m'dziko la Malawi mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 kufikira 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi nthenda imeneyi, ndipo ochuluka a iwo sanali kudziwa konse. Tsono ena mwa olangizidwawo amabwerera kumudzi ndi mantha, nadzuka m'mawa mwake, naliyatsa liwiro la mbawala. Pakutha masiku khumi ali kutsimphina, ndipo sabwerezanso mpaka kalekale. Anthu otere ndiwo tili kuwalembera.

Bambo wogwira khasu kuyambira mbandakucha, ndi mayi wosenza ndowa kuchokera kudambo katatu pa tsiku, matupi awo alandira kale gawo lalikulu la ntchito imene afuna. Koma midzi yathu ili nawo tsopano anthu ena ambiri amene ntchito yawo ndi yokhala pansi: aphunzitsi, atelala, eni magolosale, alembi, ndi anyamata a njinga zamoto amene safikanso ndi kuchigayo komwe wapansi. Kuti kukhala pansi kudwalitsa mtima anayamba kukuonetsa poyera ndi dotolo wa ku London dzina lake Jeremy Morris, mu 1953. Iye anayerekeza oyendetsa mabasi a nyumba ziwiri a mumzindamo ndi makondakitala awo. Onse anali anthu a mtundu umodzi wa moyo, a malipiro osasiyana kwenikweni. Koma woyendetsa anakhala pampando tsiku lonse, pamene kondakitala anakwera ndi kutsika makwerero kambirimbiri potolera ndalama. Ndipo kunapezeka kuti nthenda ya mtima inagwira makondakitala ochepa ndithu poyerekeza ndi oyendetsawo. Morris mwini wake anatsata zimene anapeza, nalimbitsa thupi lake kufikira ukalamba, namwalira mu 2009 ali ndi zaka 99.

Tsono za mayambidwe ake tiphunzira bwino pa nkhani ya amuna awiri, wina wa ku New Zealand, wina wa ku Amerika.

Wa ku New Zealand ndiye Arthur Lydiard, wobadwa mu 1917, amene anagwira ntchito m'fakitale ya nsapato mumzinda wa Auckland. Ali ndi zaka 27 anadziyesa munthu wamphamvu, pakuti anali wosewera mpira wamanja wa kwawoko. Koma tsiku lina mnzake womposa msinkhu anamtenga kukathamanga makilomita 8, ndipo anabwerako ali wefuwefu, mtima uli gugugu, miyendo itakana. Anadzifunsa kuti, ngati ali chotero pa zaka 27, adzakhala wotani patapita zaka 20? Kuyambira pamenepo anayesa pa thupi lake njira zosiyanasiyana kwa zaka zambiri, napeza kuti chimene chimanga mphamvu ya munthu ndicho kuthamanga mofatsa mtunda wautali, pa liwiro limene mpweya sukuthera. Anyamata a m'dera lake anayamba kumtsata. Mu 1960, pa masewero a Olimpiki a ku Roma, awiri a iwo, Peter Snell ndi Murray Halberg, anapambana mendulo za golide tsiku limodzi, wina pa mamita 800, wina pa mamita 5,000, ndipo wachitatu, Barry Magee, anafika pa nambala 3 mu mpikisano wa marathoni.

Chimene chitikhudza ife ndi chimene Lydiard anachita pambuyo pake. Anaganiza kuti ngati njira yofatsayo ilimbitsa mitima ya akatswiri, ingathe kulimbitsanso mitima ya azibambo onenepa a m'maofesi. Mu 1962 iye ndi anzake anakhazikitsa kagulu kotchedwa Auckland Joggers, ndipo mwa oyamba kulowamo munali ena amene anadwalapo mtima, pa nthawi imene madotolo ambiri anali kuuza odwala otere kuti azingopumula.

Kumapeto kwa chaka chomwecho kunafika mlendo, Bill Bowerman, mphunzitsi wa othamanga wa pa sukulu ya ukachenjede ya Oregon, mumzinda wa Eugene ku Amerika. Anali ndi zaka 51, munthu wodziwika, amene anaphunzitsa liwiro zaka zambiri, koma mwini wake anali atasiya kalekale kuthamanga. Lydiard anamtenga Lamulungu m'mawa kupita naye ku Cornwall Park, kumene gulu lija linasonkhana, amuna ndi akazi, ana ndi okalamba. Ananyamuka kulunjika ku kaphiri kotchedwa One Tree Hill. Asanapite patali Bowerman anayamba kubanika, ndipo anthu onse anampitirira, natsala yekha kumbuyo. Pamenepo nkhalamba ina ya zaka zoposa 70, dzina lake Andy Steedman, imene inadwalapo mtima, inachepetsa liwiro lake, nimdikira, nimperekeza pa njira yachidule kufikira pomaliza. Taganizani manyazi a mphunzitsi wa akatswiri, poona kuti wodwala mtima wa msinkhu wa atate ake ali kumchitira chifundo pa ntchito yake yomwe!

Bowerman sanakwiye nazo. Masabata onse amene anakhala m'dzikomo anathamanga mofatsa, ndipo anabwerera kwawo lamba atakhwepa. Kumayambiriro kwa 1963 anaitana anthu a ku Eugene kuti adze pa bwalo la Hayward Field adzaphunzire. Poyamba anadza ochepa. Patapita masabata owerengeka anadza zikwi. Apa ndipo ife timtamanda munthuyu koposa, pakuti wina akadakondwera ndi khamulo, koma iye anachita mantha, podziwa kuti pakati pa anthu ochuluka chotero, osapimidwa ndi osazolowera, wina angathe kugwa ndi kufa. Anawabweza kuti azikathamanga m'madera a kwawo, nafuna dotolo wa mtima, Waldo Harris, kuti akonze pamodzi dongosolo loyenera anthu akuluakulu. Buku lawo laling'ono lotchedwa Jogging, la m'chaka cha 1967, linagulidwa makope oposa miliyoni imodzi, ndipo chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti munthu ayambe ndi kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga, ndi kuti tsiku la ntchito yolemetsa litsatidwe ndi tsiku lopepuka.

Chifukwa chake cha malangizo amenewa chili m'mapangidwe a thupi, ndipo tipempha kuti apa mumvetse bwino, pakuti ndipo pagona nkhani yonse. Ziwalo za munthu sizizolowera ntchito yatsopano pa nthawi imodzi. Mtima ndi magazi zifulumira: pakutha masabata awiri kapena atatu madzi a m'magazi achuluka, mtima utulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndipo befu lija la tsiku loyamba liyamba kuchepa. Minofu itsatira pambuyo pang'ono. Koma mitsempha yolimba imene imanga minofu ku mafupa, monga uja wa kumbuyo kwa chidendene, ilandira magazi ochepa, ndipo ifuna miyezi kuti ikhwime. Mafupa nawo achedwa chomwecho. Pothamanga, phazi lililonse likagunda pansi mwendo usenza katundu woposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo fupa lichita timing'alu tosaoneka ndi maso. Thupi likonza timing'aluto monga mmene tikonzera khoma la nyumba ya dothi: liyamba lagumula pofooka, ndipo pambuyo pake limata dothi latsopano. Nonse mudziwa kuti khoma logumulidwa ndi kumatidwa kumene ndi lofooka kuposa poyamba, kufikira dothilo litauma. Ndipo m'fupa kuuma kumeneku kutenga miyezi itatu kapena inayi.

Onani tsono msampha wake. Pa sabata lachitatu kapena lachinayi munthu amva kuti chifuwa chatseguka, nayesa kuti thupi lonse lakonzeka, naonjezera mtunda ndi liwiro, nayamba kuthamanga masiku onse. Pamene mtima uli kumuuza kuti pita, misongolo ndi mawondo zikali pa chiyambi. Anthu ambiri oyamba kumene apwetekeka pa nthawi imeneyi, pamene ali kukondwa, osati pa masiku oyamba pamene ali kuvutika. Mnyamata wa zaka 18 thupi lake limkhululukira msanga. Wa zaka 45 alipira ndi mwezi wathunthu wotsimphina. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa nkhani ino mwambiwo ugwira ntchito monga momwe unenera.

Dongosolo limene lathandiza anthu ochuluka m'zaka zino analemba ndi Josh Clark wa ku Amerika mu 1996, pofuna kuthandiza amayi ake, ndipo pambuyo pake a zaumoyo a boma la Britain analitenga nalifalitsa. Dzina lake ndi Couch to 5K, ndiko kunena kuchoka pampando kufikira makilomita 5. Litenga masabata 9, katatu pa sabata, ndi tsiku lopumula pakati. Tsiku lililonse muyamba ndi kuyenda ndawala mphindi 5. Sabata loyamba muthamanga mphindi imodzi, muyenda mphindi imodzi ndi theka, ndi kubwereza chomwecho kasanu ndi katatu, basi. Sabata lachiwiri muthamanga mphindi imodzi ndi theka ndi kuyenda ziwiri. Lachitatu mufika pa mphindi 3, lachinayi pa mphindi 5. Kumapeto kwa sabata lachisanu muthamanga mphindi 20 osaima, ndipo tsiku limeneli ndilo ambiri aliopa. Lachisanu ndi chiwiri mphindi 25, lotsatira 28, ndipo lomaliza 30. Wopanda wotchi kapena foni awerenge mapazi ake: mapazi 150 ndiwo pafupifupi mphindi imodzi.

Ife tionjezapo mawu awiri. Loyamba, masabata 9 si lamulo la boma. Sabata likakulemerani libwerezeni, ngakhale katatu. Ndipo munthu wonenepa kwambiri, kapena amene wakhala zaka osayenda mtunda, achita bwino kutha mwezi woyamba ali kungoyenda ndawala. Dzina lija la makilomita 5 lisakunyengeni, pakuti oyamba kumene ambiri safika mtunda umenewo m'mphindi 30, ndipo palibe chimene ataya. Lachiwiri ndi la liwiro. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati mungathe kucheza ndi mnzanu muli kuthamanga, kumaliza chiganizo chonse osadukiza, liwiro lili bwino, mawu akayamba kutuluka limodzilimodzi, mwafulumira. Kwa ambiri liwiro loyenerali ndi lochititsa manyazi, loti mwana wopita kusukulu angakupitirireni ali kuyenda. Lilekeni likhale chomwecho.

Muphunzirenso kusiyanitsa zowawa. Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba miyendo yonse iwiri, kumene kudza m'mawa mwake kapena mkuja nikutha pakapita masiku awiri kapena atatu, n'kwa aliyense woyamba ntchito yatsopano, monga tsiku loyamba la kulima. Koma ululu wa pamalo amodzi, umene mungauloze ndi chala pa fupa la msongolo kapena la phazi, umene ukula pamene muli kuthamanga ndi kukutsimphinitsani, umenewo ndi wakuti muleke, mupumule, ndipo ukapitirira mukaonetse kuchipatala.

Pali china choopsa koposa miyendo, ndipo sitingachibise. Jim Fixx, wa ku Amerika, anayamba kuthamanga mu 1967 ali ndi zaka 35, ali wonenepa ndi wosuta fodya kwambiri. Anasiya fodya, naonda, nalemba mu 1977 buku la za kuthamanga limene linagulidwa koposa. Mu Julaye 1984, ali ndi zaka 52, anagwa pamsewu ali kuthamanga m'chigawo cha Vermont, namwalira. Pomuyeza anapeza kuti mitsempha yodyetsa mtima wake inali yotsekeka kwambiri. Ndipo atate ake anafa ndi mtima ali ndi zaka 43. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Adani a masewerowa anaseka nati, onani mphotho yake. Ife tiyesa kuti analakwa kuseka, pakuti munthuyo anaposa zaka za atate ake. Koma alakwanso amene ayesa kuti liwiro lifafaniza nthenda ya kumtundu ndi zaka za fodya. Chifukwa chake, inu amene mwapitirira zaka 40, kapena muli ndi shuga, kapena kwanu kuli amene anafa mwadzidzidzi ndi mtima asanakalambe, yambani mwapita kuchipatala akakupimeni, ndipo muwauze chimene mufuna kuchita. Mukamva kufinya kapena kulemera pa chifuwa, makamaka kukafalikira ku mkono kapena ku chibwano, mukachita chizungulire kapena chidima m'maso, imani pomwepo, ndipo musayesenso musanaonane ndi dotolo. Amene mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi musawasiye chifukwa mwayamba kulimbitsa thupi. Wowachepetsa ndi amene anakulemberani. A shuga mutenge kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo muziyang'ana mapazi anu pobwera. Thupi likatentha musathamange konse, ndipo pochira malungo mudikire mphamvu zibwerere, pakuti malungo aononga magazi. Amayi oyembekezera afunse kusikelo.

Za nsapato tinena mwachidule. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni a ku Roma mu 1960 wopanda nsapato. Koma mapazi ake anazolowera kuyambira ubwana, ndipo mu 1964 ku Tokyo anapambananso atavala. Bowerman uja pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyambitsa kampani ya Nike, motero musadabwe kuti dziko lonse liuzidwa kuti nkhani yagona pa nsapato. Inu musagulitse mbuzi chifukwa cha zimenezi. Nsapato za pa kaunjika zofewa kunsi, zosathina ku zala, zikwana. Zoipa ndi zofwafwa ndi za chikopa zolimba. Ndipo njira ya dothi ya kumunda ichitira mawondo chifundo kuposa phula la m'tauni.

Nthawi yabwino ndi m'mawa kutayera, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa liswa mtengo. Tati kutayera, osati kukali mdima, pakuti munthu wothamanga usiku pakati pa nyumba za eni ayesedwa wakuba, ndipo angapwetekedwe asanafotokoze. Mdima ubisanso njoka ndi maenje. Nkwanzeru kuwauza anyakwawa ndi anansi anu musanayambe. Pamsewu wa magalimoto khalani ku dzanja lamanja, kuti zobwera muzizionera patsogolo.

Manyazi ndiwo agwetsa anthu ochuluka koposa misongolo, makamaka amayi, amene pakamwa pa mudzi pawalemera kuposa abambo. Mankhwala ake ndi kukhala awiri kapena atatu. Munthu mmodzi wothamanga anthu amuyesa wamisala. Atatu, anthu afunsa kuti kodi kwagwanji, ndipo pa sabata lachitatu saonanso chachilendo. Bambo amene aperekeza akunyumba kwake atseka pakamwa pa ambiri, ndipo mnzanu wokudikirani pa mphambano adzakudzutsani tsiku limene bulangete likoma.

Mwina mufunsa ngati mphindi zochepa zotere zipindula kanthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lilangiza munthu wamkulu mphindi 150 pa sabata za ntchito yofatsa monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 za ntchito yolemetsa monga kuthamanga. Motero mphindi 30 katatu pa sabata zapitirira kale muyesowo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2014, amene anatsata anthu oposa 55,000 a ku Amerika kwa zaka pafupifupi 15, anapeza kuti imfa za nthenda ya mtima zinachepa ndi magawo 45 pa 100 alionse pakati pa othamanga, ndipo phindulo linaoneka ngakhale mwa othamanga mphindi 5 kapena 10 zokha pa tsiku. Za mantha aja akuti kuthamanga kutha mawondo, ofufuza amene anasonkhanitsa zopeza zambiri mu 2017 anaona kuti nyamakazi ya m'mawondo ndi m'chiuno inali yochepa mwa othamanga mwa apo ndi apo kuposa mwa ongokhala. Inachulukanso mwa akatswiri a mipikisano amene anapanikiza matupi awo zaka zambiri.

Kwa abale athu okhala ku Joni ndi ku Britain, amene kalata ino iwafika, tikumbutse kuti m'mizinda yambiri kumeneko muli msonkhano wotchedwa parkrun. Unayamba ku Bushy Park mu London mu 2004 ndi othamanga 13 okha, nufika ku Delta Park mu Johannesburg mu 2011. Uchitika Loweruka lililonse m'mawa, mtunda wake ndi makilomita 5, ndipo salipiritsa; munthu angolembetsa dzina kamodzi pa intaneti. Oyenda aloledwa pamodzi ndi othamanga, ndipo kumbuyo kwa onse kuyenda munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kumaliza potsiriza, kuti mlendo asatsale yekha. Ife a kumudzi, amene tilibe zotere, tiyambe m'miyezi ya chilimwe ntchito ya kumunda itachepa, kuti pofika dzinja masabata 9 aja akhale atatha. Ndipo khasu likayamba, kawiri pa sabata kukwana.